Gemu ikayamba kuonetsa madontho ndi mizere, pezani kaye pomwe pali vuto musanagule khadi lina

Gemu imene dzulo imayenda bwinobwino lero yayamba zachilendo. Mwina timadontho tobiriwira kapena toyera tikuthwanima paliponse, mwina chithunzi chikung'ambika pakati mukatembenuza kamera mwachangu, mwina makoma asanduka apinki, kapena sikirini ikungoda kwa kamphindi kenako nkubwereranso. Ambiri akangoona izi mtima umathamangira kumodzi, kuti basi graphics card, khadi lojambula zithunzi mu kompyuta lija, yapita. Nthawi zina khadilo limakhala lafadi, sindikana, koma zambiri zimene zimaoneka zoopsa pa sikirini zimatha ndi ntchito ya mphindi zochepa osatulutsa ndalama, bola mudziwe poyambira.

Chithunzi chimene mukuonacho chimadutsa malo anayi chisanafike m'maso mwanu. Gemu imanena zoti zijambulidwe, driver, pulogalamu yoyendetsa khadi, imapereka uthengawo kwa khadi m'njira yoti limve, khadi limajambula, kenako chithunzicho chimayenda mu chingwe kukafika pa monita. Vuto lili pamodzi mwa malo anayiwa ndipo ntchito yonse ndi yongopeza kuti ndi pati. Ndiye chonde muzisintha chinthu chimodzi nkuyesa gemu, kenako china nkuyesanso. Mukasintha zisanu pakamodzi vuto nkutha simudziwa kuti chakonza ndi chiti, likadzabwerera mudzayambiranso pachiyambi, ndipo likapanda kutha mwina mwaonjezerapo lina osadziwa. Kuthamanga sikufika.

Yambani ndi screenshot

Musanagwire chilichonse dikirani vutolo lionekere ndiye mujambule screenshot. Pa Steam ndi F12, kwina dinani PrtScn kapena Win+Shift+S. Chithunzicho musachionere pa monita yomweyo ayi, chitumizeni ku foni kapena ku kompyuta ina. Chifukwa chake nchakuti screenshot imatenga chithunzi chikadali mkati mwa kompyuta, chisanalowe mu chingwe. Ngati madonthowo akuonekanso pa foni ndiye kuti apangidwa ndi gemu, driver kapena khadi. Koma ngati pa foni chithunzi chili bwinobwino pomwe pa monita pali madontho, mwapeza kale theka la yankho, vuto lili panjira yotulukira, kutanthauza chingwe, poti imene chingwecho chalowa, kapena monita yeniyeniyo. Chinthu chimodzi chokha chimene sichimvera lamuloli ndi kung'ambika kwa chithunzi kuja, kumeneko sikuoneka mu screenshot ngakhale chingwe chilibe mlandu, tikambirana pansipa.

Kenako dzifunseni funso ili, zikuchitika mu gemu imodzi yokha kapena paliponse? Tsegulani gemu ina, makamaka yolemera. Onerani kanema pa YouTube. Siyani kompyuta ili pa desktop kwa kanthawi muziyang'ana. Ndiye yesani ichi chimene ambiri amachidumpha: zimitsani kompyuta, yatsaninso, ikamayamba dinani Del kapena F2 mulowe mu BIOS, menu ya masetingi a motherboard. Mu BIOS muja Windows sinayambe ndipo driver yanu ya NVIDIA kapena AMD sinalowemo nkomwe, ndiye ngati mizere ndi madontho zikuonekanso mmenemo musavutike ndi masetingi a gemu, nkhani ili pa zipangizo. Ngati ndi gemu imodzi yokha ikuchita zimenezi pomwe ena onse ali bwino, pumani mtima pansi, mwayi waukulu ndi woti khadi lanu lili moyo.

Komanso kumbukirani chimene chasintha posachedwa. Mwapanga update driver? Windows yadzipanga update usiku? Gemu yalandira patch, update yochokera kwa eni ake? Mwaika mod, zosintha gemu zopangidwa ndi anthu ena? Mwasuntha kompyuta? Yankho la funso limeneli nthawi zambiri limakufupikitsirani ulendo wonse.

Chingwe ndi monita

Apa pokha musanyozepo chifukwa chaoneka chophweka. Zulani chingwe mbali zonse ziwiri, chilowetseninso mpaka chikhazikike. Pulagi ya DisplayPort nthawi zambiri imakhala ndi kabatani kokanikiza pozula, musamakoke mwamphamvu. Yesani poti ina pa khadi, yesani chingwe china, ngati mumagwiritsa ntchito adaputa kapena kabokosi kogawa HDMI kachotseni kaye mulumikize mwachindunji. Chingwe chofooka chimadziwika ndi timadontho toyera tothwanima makamaka pamalo akuda, kapena sikirini kuzima sekondi imodzi kapena awiri nkubwerera gemu ikupitirirabe kumveka, ndipo zimakula mukakweza resolution kapena refresh rate, kuchuluka kwa zithunzi zimene monita imaonetsa pa sekondi, chifukwa chingwe chikunyamula katundu wochuluka. Ndiye njira yabwino yoyesera ndi kutsitsa refresh rate, pitani ku Settings, System, Display, Advanced display, muike 60Hz. Vuto likatha pa 60 nkubwerera pa 144, gulani chingwe chabwino basi. Paja HDMI 1.4 imangofika 30Hz pa 4K, kuti mufike 60Hz pamafunika HDMI 2.0, ndiye chingwe chakale chimene munachipeza mu kabati sikuti chingakwanitse zonse.

Onaninso kuti chingwe chalowa pa khadi lenilenilo osati pa motherboard. Mapoti a khadi amakhala pansi, ogona chopingasa, a motherboard amakhala pamwamba pafupi ndi ma USB. Mukalakwitsa apa gemu imayendera pa graphics yofooka ya mu processor, ndipo imatsimphina mpaka mumadabwa.

Ngati muli ndi TV kapena monita ina, lumikizani pamenepo. Mzere umodzi woongoka umene umakhala pamalo amodzi osasuntha, ngakhale mutsegule menu ya monita, kawirikawiri ndi panelo ya monita imene yaonongeka.

Zina si kuonongeka ayi

Kung'ambika kwa chithunzi, kumene mumaona theka lakumtunda lasemphana ndi lakumunsi mukatembenuka, amakutcha screen tearing ndipo sikuti china chake chafa. Monita ya 60Hz imajambula chithunzi chatsopano ka 60 pa sekondi, pafupifupi mamilisekondi 16.7 chilichonse, ndiye khadi likatumiza chithunzi chatsopano monita isanamalize kujambula chakale, mumaona zidutswa za zithunzi ziwiri pakamodzi. Mankhwala ake ndi V-Sync mu masetingi a gemu, imene imapangitsa khadi kudikira monita. Kuipa kwake imachedwetsa pang'ono kuyankha kwa mausi, ndiye amene amasewera magemu owomberana pa intaneti ambiri saikonda. Ngati monita yanu ili ndi FreeSync kapena G-Sync, zimene zimapangitsa monita kutsatira liwiro la khadi, yatsani imeneyo, mu menu ya monita komanso mu pulogalamu ya driver, mbali zonse ziwiri, kenako muike malire a fps, zithunzi zimene khadi limatulutsa pa sekondi, pansi pang'ono pa refresh rate, monga 141 pa monita ya 144Hz, kuti isamadumphe malire amene G-Sync imagwirira ntchito. Koma dziwaninso kuti pa mamonita ena, makamaka a VA ndi OLED, FreeSync ndi G-Sync zimapangitsa kuwala kuphethira fps ikamakwera nkutsika kwambiri, monga pa loading screen. Zikakusowetsani mtendere zimitsani muone.

Palinso mthunzi umene umatsalira kumbuyo kwa chinthu choyenda, wotchedwa ghosting. Umenewu ungachokere mbali ziwiri. Mu gemu, umabwera ndi masetingi osalaza kapena kukuza chithunzi otchedwa TAA komanso DLSS, FSR ndi XeSS, chifukwa njira zimenezi zimagwiritsa ntchito zithunzi zam'mbuyo pomanga chatsopano, ndiye zimitsani kapena muike pa Quality, ndipo motion blur nayo ichotseni poyesa. Pa monita, umabwera ndi setingi ya Overdrive kapena Response Time, ikakhala pamwamba penipeni mumaona mthunzi wowala m'mphepete mwa zinthu. Ikani pakati.

Ndiye pali kuphethira kwa pamalo amodzi, monga chikwangwani pakhoma chimene chikusinthana ndi khomalo mukamayenda, kapena mthunzi wa patali ukunjenjemera. Kumeneko ndi z-fighting, zinthu ziwiri zaikidwa pamalo amodzi ndendende ndipo gemu ikulephera kusankha choti chikhale patsogolo. Ndi cholakwika cha opanga gemu, aliyense amene akusewera gemuyo amachiona pamalo omwewo, inu palibe chimene mungakonze.

Ngati ndi gemu imodzi yokha

Yambani ndi kuonetsetsa kuti mafayilo a gemu ndi athunthu. Pa Steam dinani gemu ndi batani lakumanja la mausi, Properties, Installed Files, Verify integrity of game files. Pa Epic Games Launcher dinani timadontho titatu, Manage, Verify. Imangoyerekeza mafayilo anu ndi enieni nkupanga dawunilodi okhawo aonongeka, simufunika kuchotsa gemu yonse. Mitundu ina imakuuzani yokha kuti ndi fayilo yasowa: mu magemu a Source engine monga Half-Life 2 texture, chithunzi chokuta chinthu, ikasowa mumaona timabokosi tapepo ndi takuda, ndipo mu magemu opangidwa ndi Unity chinthu chikasanduka pinki wowala ndiye kuti shader yake, kapulogalamu kouza khadi mmene chinthucho chionekere, yalephera. Zimenezi si zizindikiro za khadi lakufa.

Ngati munaikamo ma mod, ReShade kapena texture pack, chotsani zonse kaye. Gemu ikalandira patch ma mod akale amasemphana nayo, ndipo Verify sichotsa mafayilo oonjezera amene munaika nokha, muyenera kuwachotsa pamanja.

Kenako bwezerani masetingi a gemu pachiyambi. Ngati gemu ikukana ngakhale kutseguka bwino moti simungafike pa menu, fayilo ya masetingi imakhala kunja, nthawi zambiri mu Documents, mu foda ya My Games, kapena dinani Win+R mulembe %localappdata% mufufuze foda ya dzina la gemuyo. Musaifufute ayi, mwina ma save anu ali momwemo. Ingosinthani dzina la fayilo ya masetingiyo, gemu ipanga yatsopano ikamatseguka.

Shader cache nayo imavunda. Khadi limasunga ma shader amene lawakonza kale kuti lisamabwerezenso ntchito, ndiye osungidwawo akasemphana ndi driver yatsopano mumaona mithunzi yakuda yachilendo, kuwala kothwanima kapena gemu kudukiza. Tsegulani Disk Cleanup, chongani DirectX Shader Cache, fufutani. A AMD ali ndi batani la Reset Shader Cache mu Adrenalin. Mukatero gemu idzadukiza kwa mphindi zingapo poyamba pamene ikumanganso ma shader, musadandaule, ndipo gemu ikalemba kuti compiling shaders isiyeni imalize osaidumpha.

Chotsatira ndi kusintha API, njira imene gemu imalankhulira ndi driver. Magemu ambiri amalola kusankha pakati pa DirectX 11, DirectX 12 ndi Vulkan mu masetingi, ndipo vuto limene lili pa DX12 limatha kusowa kotheratu pa DX11, makamaka pa makhadi akale. Ngati mu menu mulibe, pa Steam pitani ku Properties, General, Launch Options mulembe -dx11. Zimagwira pa magemu ambiri a Unreal Engine 4 koma osati onse, gemu ikapanda kumvera ingofufutani mawuwo. Yesaninso kusintha kuchoka pa Fullscreen kupita pa Borderless kapena kubwerera.

Ma overlay, eee, amenewa amabweretsa mavuto ambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Discord, Steam overlay, Xbox Game Bar, overlay ya NVIDIA, RivaTuner, mapulogalamu ojambulira kanema, onsewa amalowerera pakati pa gemu ndi driver kuti ajambule zawo pamwamba, ndiye akakhala atatu kapena anayi nthawi imodzi amapondana. Zimitsani onse, yesani gemu, kenako muziyatsa mmodzimmodzi mpaka wolakwa adziulule.

Chomaliza pa gawo lino ndi VRAM, memory ya pa khadi. Gemu ikuyenda dinani Ctrl+Shift+Esc, Performance, GPU, muone Dedicated GPU memory. Ikadzaza mpaka pakamwa mudzaona makoma ndi zovala zikuchedwa kuoneka bwino, zimayamba zosalala zopanda tsatanetsatane kenako nkudzakonzeka patapita masekondi, kapena osakonzeka nkomwe, ndipo gemu imadukiza mukalowa malo atsopano. Tsitsani Texture Quality sitepe imodzi kapena awiri, zimitsani ray tracing, mwina tsitsaninso resolution. Khadi la 4GB kapena 6GB pa gemu yatsopano yoikidwa pa Ultra lidzachita zimenezi ndithu ndipo silinaonongeke, langochepa.

Driver

Sikirini ikada kapena kuuma muli pakati pa gemu, musanadine batani lozimitsira yesani Win+Ctrl+Shift+B. Imadzutsanso driver ya graphics, mumamva kaphokoso kakang'ono sikirini nkuphethira. Sikonza gwero la vuto koma imatha kukupulumutsirani gemu imene simunasevebe.

Windows ili ndi kachitidwe kotchedwa TDR, khadi likapanda kuyankha kwa masekondi 2 imadzutsanso driver yokha, ndiye ndi pamene mumaona sikirini yada kenako uthenga woti display driver stopped responding and has recovered, kapena gemu kungotsekeka. Kuti mutsimikize tsegulani Event Viewer, Windows Logs, System, mufufuze nthawi imene gemu inagwa. Event ID 4101 ndi imeneyo, ndipo dzina loti nvlddmkm ndi driver ya NVIDIA, amdkmdag ndi ya AMD. Pa intaneti mudzapeza malangizo oti mukweze TdrDelay mu registry, ine sindilimbikitsa zimenezo, mukungouza Windows kuti idikire nthawi yaitali pa khadi limene likuvutikabe.

Ngati vuto layamba mutangopanga update, bwererani m'mbuyo. Device Manager, Display adapters, dinani khadi lanu kawiri, Driver, Roll Back Driver. Batanilo likakhala lofota, pitani pa webusaiti ya NVIDIA, AMD kapena Intel mukatenge driver yakale imene mukudziwa kuti imayenda bwino. Driver yatsopano si kuti nthawi zonse ndi yabwino kuposa yakale, makampani onse atatuwa amatulutsa nthawi zina ma driver okhala ndi zolakwika, ndipo amazilemba okha mu release notes pansi pa mavuto odziwika, werengani pamenepo mwina gemu yanu yatchulidwa. Ngati ndi mbali inayo, driver yanu ndi ya kalekale ndipo gemu ndi yatsopano, pangani update. Tengani kwa eni ake basi, mapulogalamu aja olonjeza kukupangirani update ma driver onse ndi batani limodzi asiyeni.

Kuika driver pamwamba pa inzake kumasiya zinyalala, ndiye ngati vuto likupitirira chitani kuyeretsa kwenikweni ndi DDU, Display Driver Uninstaller, ya ulere. Ndondomeko yake ndi iyi. Pangani dawunilodi DDU ndi driver imene mukufuna kuika, zonse zikhale pa desktop. Zimitsani intaneti, zulani chingwe kapena tsekani Wi-Fi, chifukwa mukapanda kutero Windows Update imathamangira kuika driver yake inu musanaike yanu. Lowani mu Safe Mode, gwirani Shift nkudina Restart, kenako Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, nkudina 4. Ngati kompyuta yanu ili ndi BitLocker khalani ndi recovery key pafupi musanayambe chifukwa itha kuifunsa. Tsegulani DDU, sankhani GPU ndi kampani yake, dinani Clean and restart. Ikayaka sikirini ioneka yaikuluikulu yosaoneka bwino, ndi mmene ziyenera kukhalira. Ikani driver yanu ija, restart, kenako yatsani intaneti. Ngati munachoka pa khadi la AMD kupita pa NVIDIA kapena kubwerera osachotsa driver yakale, sitepe imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa inu.

Pali setingi ina mu Windows imene ndi bwino kuiyesa, Hardware-accelerated GPU scheduling, inabwera ndi Windows 10 ya mu 2020 ndipo imapezeka ku Settings, System, Display, Graphics. Pa makompyuta ena kuizimitsa kumathetsa kuphethira ndi kudukiza, imafuna restart. Kungoti DLSS Frame Generation imafuna kuti ikhale yoyaka.

A malaputopu, ambiri muli ndi ma GPU awiri, kutanthauza ma chip ojambula zithunzi, yaing'ono ya mu processor ndi yaikulu ya NVIDIA kapena AMD. Pamalo omwewo a Graphics sankhani gemu yanu muike High performance, ndipo sewerani chaja ili pamoto chifukwa pa batire laputopu imadzichepetsa mphamvu yokha. Ma driver a ma GPU onse awiri akhale atsopano, pakuti pa malaputopu ambiri chithunzi chimadutsira mu yaing'onoyo chisanafike pa sikirini. Driver ya pa webusaiti ya NVIDIA kapena Intel ikavuta, yesani ya pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopuyo.

Kutentha, overclock ndi magetsi

Apa ndiye pofunika kukhazikika chifukwa ndi pamene timasiyanitsa khadi lotopa ndi khadi lakufa. Zizindikiro zake ndi zina: timabwalo tamitundumitundu tomwazikana, mizere yaitali yosongoka yotuluka pa thupi la munthu kapena pa galimoto kupita kumwamba, madontho okhala mwa ndondomeko yobwerezabwereza pa sikirini yonse. Ndipo chachikulu ndi nthawi yake. Ngati gemu imayamba bwino kenako patapita mphindi 15 kapena 20 zinthu nkuyamba kuonongeka, ganizirani kutentha.

Ikani HWiNFO kapena GPU-Z, zonse ndi zaulere, muzisiye zotsegula mukusewera kenako muone nambala yapamwamba imene yafika. Madigiri 60 mpaka 80 ndi abwinobwino khadi likamagwira ntchito. Makhadi ambiri a NVIDIA amayamba kudzichepetsa liwiro akafika pafupifupi 83. Musasokonezeke ndi nambala ya hotspot kapena junction, imeneyo ndi ya malo otentha kwambiri pa chip ndipo imakhala yokwera nthawi zonse, ndipo AMD imati mpaka 110 ili m'malire pa makhadi ake. Koma hotspot ikasiyana ndi nambala ya GPU ndi madigiri 30 kapena kuposa, nthawi zambiri thermal paste, phala lopakidwa pakati pa chip ndi cooler, yauma kapena cooler sinakhale bwino. Onaninso kutentha kwa memory ngati khadi lanu limaonetsa.

Tsegulani mbali ya kesi muyang'ane mafani gemu ikuyenda. Kompyuta ikangokhala osachita kanthu mafani a makhadi ambiri amaima dala, zimenezo si vuto, koma mu gemu ayenera kuzungulira onse. Mudzadabwa kuona fumbi litapanga ngati bulangeti lokhuthala pakati pa fani ndi timizere ta chitsulo ta heatsink, kunja kukuoneka koyera koma mpweya sukudutsa. Zimitsani kompyuta, zulani pulagi kukhoma, dinani batani loyatsira kamodzi kuti magetsi otsalira atuluke, ndiye uzirani ndi mpweya wa mu chitini kapena blower mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopenga. Laputopu musaiike pa bedi kapena pa bulangeti mukamasewera, mabowo ake opumira ali pansi. Kuyesa kwachangu: sewerani kesi ili yotsegula, vuto likachedwa kubwera kapena kutha, mwagwira wakuba. Kusintha thermal paste kumathandiza pa khadi la zaka zambiri koma ngati likadali pa warranty funsani kaye musanamasule sikuluwu iliyonse.

Ngati munapanga overclock, kukweza liwiro la khadi, kapena undervolt, kulichepetsera magetsi, bwezerani zonse pa default, mu MSI Afterburner ndi batani la reset, mu Adrenalin ndi pa Tuning. Overclock imene inadutsa benchmark itha kugwa mu gemu ina yake chifukwa magemu sapanikiza khadi mofanana. Ngakhale simunagwirepo, makhadi ambiri amabwera atakwezedwa kale ku fakitale, aja olembedwa OC pa bokosi. A NVIDIA tsegulani NVIDIA Control Panel, Help, Debug Mode, imabwezera khadi pa liwiro la NVIDIA lenileni. Ndiye yesani ichi, mu Afterburner tsitsani Memory Clock ndi 300 kapena 500 MHz, Core Clock ndi 100, Apply, sewerani. Madontho akatha ndiye kuti khadi silikukwanitsanso liwiro lake lakale, latopa, koma mutha kupitiriza kuligwiritsa ntchito motero kwa nthawi ndithu ndipo fps imene mwataya ndi yochepa. Ngati lili pa warranty musakhutire ndi zimenezi, libwezeni, khadi liyenera kuyenda pa liwiro limene analigulitsira.

Magetsi nawo. Poti ya PCIe pa motherboard imapereka mawati 75, pulagi ya mapini 6 imaonjezera 75, ya mapini 8 imaonjezera 150. Khadi lofuna mapulagi awiri ndi bwino kulipatsa zingwe ziwiri zosiyana kuchokera ku power supply, osati chingwe chimodzi cha mitu iwiri. Pa makhadi a pulagi ya mapini 16 ija ya RTX 40 ndi 50, ilowetseni mpaka imveke kuti yakola osasiya mpata, pulagi yolowa theka ndi imene inasungunuka pa ma RTX 4090 ena mu 2022. Ndipo musadzayese kugwiritsa ntchito zingwe za power supply ina pa yanu ngakhale zikulowa bwino, kalumikizidwe ka mkati kamasiyana ndipo mutha kuotcha zinthu. Chizindikiro cha power supply yofooka ndi kompyuta kungozima kapena kudzipanga restart gemu ikafika polemera, popanda uthenga uliwonse. Muli momwemo, zulani khadi mulilowetsenso bwino mu poti yake, makhadi olemera amapendekeka pakapita nthawi.

RAM ya kompyuta nayo imatha kunamizira khadi. Lowani mu BIOS muzimitse XMP kapena EXPO, masetingi okweza liwiro la RAM, muyese, ndipo yendetsani MemTest86 kapena Windows Memory Diagnostic. Izi nzofunika kwambiri kwa amene akusewera pa graphics ya mu processor chifukwa imeneyo ilibe memory yakeyake, imabwereka RAM yomweyo.

Magemu akale

Gemu ya zaka za m'ma 2000 ikamaonetsa mitundu yolakwika kapena kudandaula kuti d3dx9_43.dll yasowa, khadi lanu lilibe mlandu. Ikani DirectX End-User Runtimes ya June 2010 kuchokera kwa Microsoft pamodzi ndi ma Visual C++ Redistributable, musamatole fayilo ya dll imodzi pa mawebusaiti osadziwika, mumalowetsa mavairasi. Dinani fayilo ya exe ndi batani lakumanja, Properties, Compatibility, chongani Disable fullscreen optimizations ndipo yesani compatibility mode. Magemu ena akale amasokonezeka fps ikadutsa 60, ndiye ikani malire. Pa akale kwambiri dgVoodoo2 imathandiza, ndipo PCGamingWiki ili ndi tsamba la pafupifupi gemu iliyonse yodziwika lofotokoza mavuto ake.

Ngati zonsezi zakanika

Mwasintha chingwe ndi monita, mwayeretsa driver ndi DDU, kutentha kuli bwino, mwatsitsa liwiro, koma madontho akadalipo mu magemu onse komanso mu BIOS, kapena Device Manager ikuonetsa Code 43 pa khadi ngakhale driver ili yatsopano. Yendetsani VRAM test ya mu OCCT, ikapeza zolakwika pa liwiro la default umenewo ndi umboni wamphamvu. Kuyesa komaliza ndi kusinthanitsa, ikani khadi lanu mu kompyuta ina, kapena ikani khadi lina mu yanu, kapena zulani khadi mulumikize monita pa motherboard ngati processor yanu ili ndi graphics. Vuto likatsatira khadi kupita ku kompyuta inayo ndiye ndi khadilodi.

Zikatero jambulani sikirini ndi foni, kanema ndi zithunzi, makamaka ya mu BIOS ija, sungani zotsatira za OCCT ndi risiti yanu, mupite nazo kumene munagula kapena ku kampani yopanga khadi ngati warranty ikadalipo. Njira ija yoika khadi mu uvuni kapena kuliotcha ndi heat gun imene imazungulira pa intaneti isiyeni, imatha kulidzutsa kwa kanthawi kenako limafanso, imatulutsa utsi woipa ndipo warranty imathera pomwepo. Ngati warranty inatha, amisiri okonza ma board amatha kupeza chip ya memory imene yaonongeka nkuisintha yokhayo, ndiye afunseni mtengo muyerekeze ndi wa khadi lina la mphamvu yofanana musanasankhe.